Ofuna mpando wa Secretary of State ku Georgia: tiwafunse zotani?

Mayi wa ku Lawrenceville

Ndikupereka moni kwa nonse a pagulu lino. Ndabwera ndi funso limene mwina ena aliona ngati lachibwana, koma ndalimba mtima chifukwa ndangolumbira kumene kukhala nzika ya dziko lino la America, ndipo chisankho cha 2026 chikhala choyamba kuti ndiponye voti kuno ku Georgia. Za bwanamkubwa ndi za maseneta ndikuzimva ndithu, koma pali mpando wina wotchedwa Secretary of State umene ukundisokoneza. Ine ndinkadziwa kuti dzina limeneli ndi la nduna yoona za ubale ndi mayiko ena, imene imakhala ku Washington, tsono ndikudabwa kumva kuti anthu akulimbirana mpando wa dzina lomwelo ku Atlanta, likulu la chigawo chino cha Georgia. Kodi munthu ameneyu amagwira ntchito yanji, nanga ofuna mpandowu akamatiuza zimene adzaike patsogolo, ndi ziti zimene tiyenera kutcherapo khutu?

Mphunzitsi wopuma ntchito

Amayi, funso lanu silachibwana ayi, ngakhale ine linandizunguza mutu nditangofika kumene. Mipando iwiriyi yangofanana dzina basi. Wa ku Washington amamusankha ndi pulezidenti, pamene wa ku Atlanta timamusankha ndife zaka zinayi zilizonse, ndipo ntchito yake sidutsa malire a chigawo chino. Ndikamafotokozera adzukulu anga ndimati ameneyu ndi kalaliki wamkulu wa chigawo, wosunga makaundula. Kaundula wa ovota ali m'manja mwake, kaundula wa makampani ali m'manja mwake, ziphaso za anamwino, za ometa tsitsi, za amagetsi ndi za okonza mapaipi zimadzera mu ofesi yake, ndiponso amayang'anira ogulitsa masheya ndi mabungwe opempha ndalama zachifundo.

Dziwaninso kuti chigawo chilichonse chili ndi kachitidwe kake. Ku Texas, ku Florida ndi ku Pennsylvania munthu ameneyu amamuika ndi bwanamkubwa, ku Alaska, ku Hawaii ndi ku Utah mpandowu kulibe n'komwe, ndipo ku Michigan ofesi imeneyi ndi imene imaperekanso malaisensi oyendetsera galimoto. Kuno kwathu mpandowu watsala pambalambanda chifukwa a Brad Raffensperger, amene akhalapo kuyambira pamene anapambana mu 2018, analengeza mu Sepitembala 2025 kuti akufuna ubwanamkubwa.

Woyendetsa thiraki

Aphunzitsi afotokoza bwino, ndipo ine ndingonena maganizo anga mosabisa. Munthu amene ndingamuvotere ndi amene chinthu chake choyamba ndi kuyeretsa kaundula wa ovota ndi kuonetsetsa kuti nzika zokha ndizo zikuvota. Ndinadikira zaka zambiri, ndinalipira ndalama, ndinaloweza mafunso a mbiri ya dziko lino ndili pa malo opumulirapo madalaivala, kuti ndipeze ufulu umenewu, ndiye sindingakondwe kuti wina aupeze polowera pazenera. Kaundula wodzaza ndi anthu amene anamwalira kapena anasamukira ku Alabama kalekale amachititsa kuti wogonja apeze ponamizira, ndipo ife amene tinakulira kumudzi tikudziwa kumene kunamizira koteroko kumathera.

Wophunzira zamalamulo ku Athens

Achimwene, mfundo yanu ndikuilemekeza, koma tiyeni tiike manambala patebulo kuti tione kukula kwa vutolo. Mu Okotobala 2024 ofesi yomweyi, pansi pa a Raffensperger amene ndi a chipani cha Republican, inalengeza kuti itafufuza mayina okwana 8.2 miliyoni a mu kaundula, inapeza anthu 20 amene sanali nzika. Anthu 20 amenewo anayeneradi kuchotsedwa, ndipo anachotsedwa, koma munthu wofuna mpando akaika nkhani imeneyi pamwamba pa zonse ngati kuti nyumba ikupsa, ndimayamba kukayika ngati ntchito yeniyeni ya ofesiyi akuidziwa. Lamulo loletsa wosakhala nzika kuvota lilipo kale, ndipo chilango chake ndi chowawa.

Pa za kuyeretsa kaundula, palibe amene akutsutsa, koma funso ndi lakuti adzayeretsa motani. Mu Julayi 2017 anachotsa mayina oposa 500,000 nthawi imodzi, ndipo mu 2025 anachotsanso pafupifupi 470,000. Ambiri mwa amenewa anasamukadi, koma lamulo la kuno limalolanso kuchotsa munthu amene sanasamuke, ngati wakhala zaka zisanu osavota kapena kulumikizana ndi a zachisankho, kenako n'kuphonyanso zisankho zikuluzikulu ziwiri zotsatira osayankha makalata. Ine ndingafunse wofuna mpandoyo kuti adzayesetsa motani kumupeza munthu asanamufufute. Ndingamufunsenso za ERIC, mgwirizano umene zigawo zimagawana mayina kuti zidziwe amene wasamuka kapena kumwalira. Mu 2023 zigawo zingapo monga Florida, Ohio ndi Texas zinatulukamo, koma Georgia inatsalamo. Amene akuti akufuna kaundula woyera, koma akufunanso kutuluka mu mgwirizano umene umathandiza kuyeretsako, atiuze kuti mayina a osamuka aziwadziwa kudzera kuti.

Woyendetsa thiraki

Za ERIC sindinkazidziwa, achemwali, ndipo funso limenelo ndalitenga. Koma anthu 20 aja anapezeka chifukwa panali wina amene anafufuza, choncho ndikufunabe munthu amene sadzaleka kufufuzako.

Namwino wa usiku

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete pa nthawi yopuma, ndipo ndikuona kuti tonse tathamangira ku chisankho ngati kuti ofesiyi imatsegulidwa tsiku limodzi pa zaka ziwiri. Ambiri a ife pagulu lino timadya chifukwa cha pepala lochokera ku nthambi ya ofesi imeneyi imene ili ku Macon. Namwino amene chiphaso chake sichinatuluke sangakhudze wodwala, ngakhale chipatala chitamulemba kale ntchito ndipo yunifolomu ili chipachikire m'kabati, pamene lendi ndi ngongole ya galimoto sizidikira munthu. Nkhani ya kuchedwa kwa ziphaso inakula mpaka mu 2024 atsogoleri a nyumba ya malamulo ya chigawo chino anakhazikitsa komiti yapadera yoti ifufuze.

Choncho ine wofuna mpando akayamba kulankhula, ndimadikira kuti ndimve ngati atchule za ziphaso popanda kufunsidwa. Ndikufuna anene kuti pempho la chiphaso lidzatenga masiku angati, adzalemba anthu angati oyankha mafoni, ndiponso adzatani ndi amene anaphunzira ntchito kunja kwa dziko lino, amene mapepala awo amayenera kuyamba aunikidwa. Zimenezi sizikoma pa msonkhano wa ndale chifukwa palibe amene amaziombera m'manja, koma ndi zimene zili m'manja mwake Lolemba lililonse m'mawa. Ndiwonjezere kuti madokotala, a mano ndi a mankhwala ali ndi mabungwe awo kunja kwa ofesi imeneyi, kuopa kuti wina angapite kukagogoda pa khomo lolakwika.

Wowerenga ali ku Zomba

Pepani kuti ndikulowerera nkhani ya kutali, koma pali chimene chandiimitsa mutu. Mukuti munthu woyang'anira chisankho amaima pa tikiti ya chipani, amachita kampeni, ndipo amalandira ndalama za kampeni kwa anthu? Kuno wapampando wa MEC amayenera kukhala jaji, ndipo ngakhale zili choncho tinaona zimene zinachitika mu 2019, mpaka khothi linafafaniza zotsatira za pulezidenti pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa cha tipeksi ndi zolakwika zina. Tsono ngati jaji timamukayikira chonchi, wandale weniweni mumamukhulupirira bwanji?

Mphunzitsi wopuma ntchito

Bambo a ku Zomba, mwakhudza pachilonda penipeni. Mu 2018 a Brian Kemp anali Secretary of State pa nthawi imene ankapikisana ndi mayi Stacey Abrams pa ubwanamkubwa, ndipo anakana kutula pansi udindo mpaka chisankho chitadutsa. Anthu ambiri anadandaula kuti munthu sangakhale woweruza pa mlandu wa munda wake womwe. Anapambana ndi mavoti pafupifupi 55,000, ndipo mkangano wake sunathe msanga.

Koma pali nkhani inanso imene imandichititsa kunena kuti khalidwe la munthu pa mpandowu limaposa mndandanda wa malonjezo ake. Mu 2020 a Joe Biden anapambana ku Georgia ndi mavoti 11,779 okha pa mavoti pafupifupi 5 miliyoni. Mavotiwo anawerengedwa katatu, ndipo ulendo umodzi anawerengedwa pamanja, pepala lililonse palokha. Pa 2 Januwale 2021 a Donald Trump, akadali pulezidenti, anaimbira foni a Raffensperger, munthu wa chipani chawo chomwe, n'kulankhula nawo pafupifupi ola lathunthu, kuwauza kuti akufuna apeze mavoti 11,780. A Raffensperger anayankha kuti manambala amene pulezidentiyo anali nawo anali olakwika, ndipo zotsatira sizinasinthe. Banja lawo linaopsezedwa, ndipo mu 2022 a Trump anaika kumbuyo a Jody Hice kuti awagwetse pa chisankho chachipulula, koma a Raffensperger anapambana, kenako anagonjetsanso mayi Bee Nguyen a chipani cha Democratic mu Novembala.

Sindikunena izi pofuna kutamanda munthu, chifukwa pali zambiri zimene ndinasiyana nawo maganizo. Ndikunena kuti funso langa loyamba kwa aliyense wofuna mpandowu, wa chipani chilichonse, ndi lakuti bwana wa chipani chake akadzaimba foni yoteroyo adzayankha chiyani, ndiponso ngati amavomereza poyera zotsatira za 2020 ndi za 2024 zomwe, pakuti chimodzi chinakomera uku china chinakomera uko. Amene amavomereza chokhacho chimene chipani chake chinapambana wandiyankha kale.

Wophunzira zamalamulo ku Athens

Ndikugwirizana ndi aphunzitsi, ndipo ndikufuna ndiwonjezere mfundo imene ingathandize amayi a ku Lawrenceville posefa malonjezo. Mphamvu za ofesiyi pa chisankho ndi zochepa kuposa mmene a kampeni amazionetsera. Georgia ili ndi makaunti, kapena kuti maboma ang'onoang'ono, 159, ndipo ndi maofesi a m'makauntimo amene amalemba ntchito ogwira pa malo oponyera voti, amasankha malowo, amawerenga mavoti ndi kutsimikizira zotsatira za m'dera lawo, kenako Secretary of State amaziphatikiza ndi kutsimikizira za chigawo chonse. Malamulo amapanga ndi aphungu. Lamulo la SB 202 la mu 2021 ndi limene linachepetsa mabokosi oponyamo mavoti a pa positi n'kuwalowetsa m'kati mwa nyumba, linalamula kuti wovota pa positi alembe nambala ya chitupa chake, linaletsa kugawira chakudya ndi madzi anthu a pamzere pafupi ndi malo ovotera, komanso linachotsa Secretary of State pa upampando wa State Election Board, bungwe limene limalemba ndondomeko za kayendetsedwe ka chisankho.

Tanthauzo lake ndi lakuti wina akamalonjeza kuti adzabwezeretsa mabokosi aja, kapena wina akamalonjeza kuti adzathetsa kuvota pa positi, onse awiriwo akulonjeza ng'ombe ya eni ake. Angathe kupita ku nyumba ya malamulo kukachonderera, ndipo mawu ake angamveke, koma sangasinthe yekha. Zimene angachite yekha ndi kuphunzitsa ogwira ntchito a m'makaunti, kusamalira makina ndi kompyuta ya kaundula, kufufuza madandaulo, kuuza anthu zoona mwamsanga mphekesera zikabuka, ndi kuikira kumbuyo antchito a chisankho. Tisaiwale mayi uja ndi mwana wake wamkazi a ku Fulton County amene ananamiziridwa kuti anaba mavoti mu 2020 mpaka kuopsezedwa kunyumba kwawo, ndipo mu Disembala 2023 khothi linalamula a Rudy Giuliani, amene anali loya wa a Trump ndipo anafalitsa bodzalo, kuti awalipire madola 148 miliyoni. Anthu oterowo akachita mantha n'kusiya ntchito, mizere imatalika chifukwa otsalawo ndi atsopano.

Woyendetsa thiraki

Nanga za makina? Ine chimene sichindisangalatsa ndi chakuti ndimasankha pa galasi, makina n'kusindikiza pepala, koma chimene sikana imawerenga ndi kabokosi kamadonthomadontho kaja ka QR, kamene maso anga sangawerenge. Mayina amalembedwa ndithu m'munsimo, ndipo ndimawayang'ana ndisanaponye, komabe mtima sukhala pansi.

Wophunzira zamalamulo ku Athens

Pamenepo, achimwene, muli ndi anzanu a mbali zonse ziwiri, chifukwa amene anayamba kudandaula za makina amenewa ku khothi sanali a chipani chimodzi. Makinawo anagulidwa mu 2019 ku kampani ya Dominion pa mtengo woposa madola 100 miliyoni, ndipo mu 2024 aphungu anakhazikitsa lamulo lakuti pofika Julayi 2026 mavoti asamawerengedwenso kudzera pa QR. Kusintha koteroko kumafuna ndalama zambiri, ndipo ndalamazo amavomereza ndi aphungu omwewo. Wofuna mpando amene akuti tizivota ndi cholembera pa pepala anene kuti adzasindikiza bwanji mapepala okwanira pa masiku 17 a kuvota koyambirira, pamene munthu amaloledwa kukavota pa malo alionse a m'kaunti yake ndipo dera lililonse lili ndi pepala losiyana. Amene akuti tigule makina atsopano anene mtengo wake ndi nthawi yophunzitsira anthu. Yankho la mawu awiri pa nkhani imeneyi ndi chizindikiro chakuti munthuyo sanakhalepo pansi ndi woyendetsa chisankho wa m'kaunti.

Mbale wa ku South Bend

Ine ndili ku Indiana, kumene a Diego Morales, amene anabadwira ku Guatemala, anasankhidwa pa mpando womwewu mu 2022, choncho amayi musadzione ngati mlendo pa nkhani zimenezi. Koma ndalowa kuti ndichenjeze abale amene ali ndi green card, chiphaso chokhalira m'dziko muno mokhazikika, kapena ali pa viza. Ku Georgia, kuyambira 2016, munthu akamatenga laisensi yoyendetsera galimoto fomu yake imalumikizidwa ndi kulembetsa voti. Ngati simunalumbire unzika, werengani mzere uliwonse musanasaine, ndipo wina aliyense akakupatsani fomu ya voti pa msika kapena pa tchalitchi, ikaneni mwaulemu. Kulembetsa kapena kuvota usanakhale nzika kungathe kukutsekera khomo la unzika ndi kukubwezetsa kumudzi, ngakhale utanena kuti sunadziwe. Wofuna mpando amene ali ndi chidwi ndi anthu ngati ife anene mmene adzalembere machenjezo amenewa momveka bwino, kuti munthu asagwe m'mbuna asanaione.

Mayi wa ku Lawrenceville

Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri usiku umodzi. Nkhani ya achimwene a ku South Bend yandikumbutsa nkhawa ina. Dzina la bambo a kunyumba, limene ndimagwiritsa ntchito, limayamba ndi Ng' ngati mmene timalembera ng'ombe, ndipo kachizindikiro kam'mwambako pena kamalembedwa, pena makompyuta amakameza, pena amaika mpata pamalo pake. Pa satifiketi ya unzika kalipo, koma pa laisensi palibe. Kodi zimenezi zingandibweretsere vuto pa tsiku lovota?

Wophunzira zamalamulo ku Athens

Amayi, funso lanu lili pakatikati pa mkangano umene unagwedeza chigawo chino. Mu 2018 kunali ndondomeko yotchedwa exact match, imene inkafuna kuti dzina la pa fomu ya voti lifanane chilembo ndi chilembo ndi la ku ofesi ya malaisensi kapena ya Social Security. Atolankhani a Associated Press anapeza kuti mafomu pafupifupi 53,000 anali ataimikidwa, ndipo ambiri mwa iwo anali a anthu akuda. Kamzere kapakati pa mayina awiri kapena chilembo chimodzi chinkakwanira kuimitsa munthu. Lamulo la 2019 linafewetsa zimenezi, moti masiku ano kusiyana kwa kalembedwe sikukuchotsani mu kaundula, mumangoonetsa chitupa chokhala ndi chithunzi monga aliyense.

Chimene muyenera kusamala kwambiri ndi china. Ngati laisensi yanu munatenga musanalumbire, kompyuta ya ku ofesi ya malaisensi ingakhale ikukuonetsanibe ngati wosakhala nzika, ndipo fomu yanu ya voti ingaimikidwe mpaka mutapereka umboni. Pitani ndi satifiketi yanu mukakonzetse zimenezo, kenako mulowe pa My Voter Page, tsamba la pa intaneti la ofesi ya Secretary of State, muone ngati dzina lanu latuluka. Kalembera amatsekedwa patatsala pafupifupi mwezi umodzi kuti chisankho chichitike, choncho musadikire. Ichi ndi chitsanzo cha chinthu chimene Secretary of State angakonze yekha popanda kupempha aphungu, pongogwirizana ndi ofesi ya malaisensi ndi ya zolowa ndi kutuluka kuti makompyuta awo azidziwa msanga za nzika zatsopano. Ndikanakonda achimwene a thiraki afunse funso lawo la unzika pamodzi ndi ili, chifukwa kufufuza komweko kumene kumagwira anthu 20 kumathanso kuimitsa nzika yeniyeni imene yalumbira dzulo.

Woyendetsa thiraki

Ndavomera kuwafunsa pamodzi. Ndiwonjezere za makampani, poti thiraki yanga ndinailembetsa ngati kampani ya mtundu wa LLC. Chaka chilichonse timayenera kukonzanso kalembera wa kampani pofika pa 1 Epulo, ndipo nyengo imeneyo kumabwera makalata ochokera ku timakampani tina, okhala ndi chidindo chooneka ngati cha boma, ofuna ndalama zochuluka kuti atichitire chinthu chimene munthu amachita yekha pa intaneti mphindi khumi. Chaka changa choyamba ndinalipira ndithu, ndinazindikira mochedwa nditawerenga timalemba tating'ono ta m'munsi. Wofuna mpando anene mmene adzachenjezere amalonda ang'onoang'ono za anthu amenewa.

Namwino wa usiku

Pa za ndalama pomwepo, mu Julayi 2025 bungwe la SEC, limene limayang'anira za masheya m'dziko lonse la America, linasumira kampani ya First Liberty Building and Loan ya ku Newnan, poiganizira kuti inatolera madola pafupifupi 140 miliyoni kwa anthu mazana angapo n'kumalipira akale ndi ndalama za atsopano. Ambiri anakopeka chifukwa chokhulupirira anzawo a chipembedzo ndi a ndale. Ife amene timakonda kusonkherana ndi kukhulupirira munthu chifukwa timapemphera naye, tiyenera kudziwa kuti nthambi yoona za masheya ya ofesi yomweyi ndi imene ingatiuze ngati wotilonjeza phindu lalikuluyo ali ndi chilolezo. Ndingakonde kumva kuti nthambi imeneyo idzakhala ndi ofufuza angati.

Mphunzitsi wopuma ntchito

Chotsala chimodzi chimene bambo a ku Zomba achimve ngati chakwawo ndi chakuti Georgia nayonso imafuna 50+1. Ngati palibe wopitirira theka, awiri apamwamba amabwereza, ndipo a Raffensperger enieniwo analowa pa mpandowu kudzera pa chibwereza cha Disembala 2018 polimbana ndi a John Barrow. SB 202 inafupikitsa nthawi yodikira chibwereza cha mipando ya ku Washington, monga useneta, kuchoka pa milungu isanu ndi inayi kufika pa inayi, zimene zimapanikiza antchito a m'makaunti pa nyengo ya tchuthi cha Thanksgiving kumapeto kwa Novembala, ndipo chitatha chibwereza cha useneta cha a Raphael Warnock ndi a Herschel Walker mu Disembala 2022, a Raffensperger anapempha aphungu kuti athetse zibwereza za chisankho chachikulu. Amayi, mukonzeke kuti mwina mudzapita kukavota kanayi chaka chimodzi, chipulula ndi chibwereza chake, chachikulu ndi chibwereza chake.

Mayi wa ku Lawrenceville

Ndangolowa pa My Voter Page monga mwandiuzira, achemwali, ndipo dzina langa latuluka lopanda kachizindikiro kaja, mofanana ndi pa laisensi, pamodzi ndi malo anga ovotera amene ndi sukulu ya pulaimale ya kuseri kwa nyumba yathu. Ndalemba mafunso anayi kumbuyo kwa envulopu ya bilu ya magetsi, la foni ya bwana wa chipani, la ERIC, la masiku a ziphaso ndi la nzika zatsopano. Anamwino, ngati kudzakhale msonkhano wa ofuna mpandowu kuno ku Gwinnett pa tsiku limene simuli pa ntchito, ndidzakutengani pa galimoto kuti funso la ziphaso mukafunse nokha, chifukwa ine ndikhoza kusokoneza mayina a mabungwewo.